Kasankhidwe ka Mfuti ya Mpweya ya Mpope Waukulu Yosakira Agwape ku America

Munthu akamva za mfuti ya mpweya, kawirikawiri amaganiza za kamfuti kophera njiwa, kamene chipolopolo chake n'chochepa ngati njere ya mapira. Koma ku United States kuli alenje amene masiku ano amapha agwape ndi mfuti zopanda onga, zomwe zimakankha chipolopolo cha mtovu chonenepa ngati chala cha munthu pogwiritsa ntchito mpweya wopanikizidwa basi. Eni ake amazitcha big bore, kutanthauza kuti chibowo cha mpope wake n'chachikulu, kuyambira pa caliber (muyezo wa kutambalala kwa chibowocho mu mainchesi) ya .30 mpaka .50 ngakhale kuposa apo. Luso limeneli si lachilendo monga ena amaganizira, pakuti asilikali a dziko la Austria ankagwiritsa ntchito mfuti ya mpweya ya Girandoni cha m'ma 1780, ndipo Meriwether Lewis ananyamula mfuti ya mpweya pa ulendo wake wofufuza kumadzulo kwa America ndi William Clark wa 1804 mpaka 1806, n'kumaionetsa kwa anthu amene ankakumana nawo m'njira.

Gwape amene tikunena pano si kagwape ka m'tchire la kwathu kamene mlenje amakakoleka paphewa pobwerera kumudzi. Ndi nyama imene ku America amaitcha whitetail chifukwa cha mchira wake woyera kunsi, umene imauimika ikamathawa. Wamkazi amalemera makilogalamu 40 mpaka 90, pamene wamphongo amafika makilogalamu 70 mpaka 130, ndipo a kumpoto kozizira ndi aakulu kuposa a ku Texas. Nyama ya msinkhu umenewu siigwa ndi chilonda chapakhungu. N'chifukwa chake ndondomeko ili m'munsiyi yaika mfuti yeniyeniyo chakumapeto, pambuyo pa lamulo, mphamvu, mtunda ndi mpweya, ngakhale kuti ogula ambiri amayambira pa dzina la mfuti imene yawakopa m'maso.

Choyamba, werengani lamulo la kumene mudzasakeko

Malamulo a boma lalikulu la United States satenga mfuti ya mpweya ngati mfuti ya onga, choncho m'madera ambiri kugula kwake n'kosavuta. Koma kuloledwa kugula ndi nkhani ina, kuloledwa kuphera gwape ndi nkhani inanso. Za ulenje zili m'manja mwa chigawo chilichonse mwa zigawo 50 za dzikolo, ndipo malamulo ake amasiyana kwambiri. Chigawo cha Missouri chinalola mfuti za mpweya posaka agwape mu 2008, koma chinalamula kuti caliber ikhale .40 kapena kuposa, ndiponso kuti mfutiyo ikhale yodzazidwa mpweya kuchokera kunja, kaya ndi pampu, thanki kapena kompuresa. Texas inatsegula khomo mu 2018 ndi muyezo wina, wakuti caliber isachepere .30, chipolopolo chilemere ma grain 150 (pafupifupi magalamu 10) kapena kuposa, ndipo chituluke ndi liwiro la mafiti 800 pa sekondi, apo ayi kulemera ndi liwirolo zikaphatikizidwa zitulutse mphamvu yosachepera ma foot-pound 215. Ku Florida malire ndi caliber ya .30, pamene ku Arkansas amafuna .40 ndi mphamvu ya ma foot-pound 400. Zigawo zina sizilola n'komwe.

Tanthauzo lake kwa wogula n'loonekeratu. Mfuti ya caliber ya .357 imene ingaloledwe ku Texas singalowe m'nkhalango ya ku Missouri pa nyengo ya agwape, ngakhale itakhala yolondola chotani. Ngati mukuganiza zodzasaka m'zigawo ziwiri, sankhani motsatira chigawo chimene lamulo lake n'lokhwima kwambiri. Pezani kabuku ka malamulo a chaka chimenecho kuchokera ku nthambi yoona za nyama zakutchire, monga Texas Parks and Wildlife Department kapena Missouri Department of Conservation, chifukwa malamulowa amaunikidwanso chaka ndi chaka ndipo zimene wogulitsa m'sitolo akukumbukira zingakhale zakale. M'kabukumo muonenso nyengo imene mfuti ya mpweya imaloledwa, laisensi yofunika, ndi maphunziro a ulenje, omwe ku Texas ndi okakamiza kwa aliyense wobadwa pa 2 September 1971 kapena pambuyo pake.

Amene muli ku Britain, dziwani kuti nkhani yonseyi siikugwira ntchito kumeneko. Lamulo la Deer Act la mu 1991 limaletsa kupha gwape ndi mfuti ya mpweya ya mtundu uliwonse ku England ndi ku Wales, ndipo mfuti ya mpweya yopitirira ma foot-pound 12 imafuna chilolezo cha apolisi.

Chachiwiri, phunzirani kuwerengera mphamvu nokha

Makampani amakonda kulemba liwiro lalikulu pa bokosi, koma liwiro limenelo nthawi zambiri amalipeza ndi chipolopolo chopepuka chimene mlenje wanzeru sangaphere nacho gwape. Chimene chili ndi ntchito ndi mphamvu ya chipolopolo potuluka kukamwa kwa mfuti, ndipo masamu ake ndi osavuta. Tengani liwiro la mafiti pa sekondi, mulichulukitse ndi ilo lomwe, kenako muchulukitse ndi kulemera kwa chipolopolo mu ma grain, ndipo zimene mwapezazo muzigawe ndi 450,240. Yankho lake ndi ma foot-pound. Grain imodzi ndi magalamu 0.065, kotero chipolopolo cha ma grain 150 chimalemera pafupifupi magalamu 10.

Tiyese ndi zitsanzo. Chipolopolo cha ma grain 145 chothamanga mafiti 800 pa sekondi chimatulutsa ma foot-pound 206, zomwe zikutanthauza kuti ku Texas chalephera pa miyezo yonse iwiri, pakuti n'chopepuka kuposa ma grain 150 ndipo mphamvu yake sinafike 215. Kusiyana kwake n'kochepa, koma woyang'anira nyama zakutchire sangakumvereni chisoni chifukwa cha zimenezo. Chipolopolo cha ma grain 350 pa liwiro lomwelo chimafika ma foot-pound 497, ndipo cha ma grain 550 pa liwiro la mafiti 760 chimadutsa 700.

Manambala amenewa amaoneka aakulu mpaka mutawayerekeza ndi mfuti ya onga. Mfuti yakale ya .30-30 Winchester, imene yapha agwape osawerengeka ku America, imatulutsa ma foot-pound pafupifupi 1,900, ndipo ya .308 Winchester imapitirira 2,500. Choncho ngakhale mfuti ya mpweya yamphamvu ndithu ili pansi pa theka la mphamvu ya mfuti wamba ya onga, ndipo mfundo imeneyi ndi imene ikulamulira zonse zotsatira.

Chachitatu, dziikireni malire a mtunda musanagule

Chipolopolo cha mfuti ya onga chimathamanga kuwirikiza kawiri liwiro la phokoso kapena kuposa, ndipo chikalowa m'thupi chimaphwanya minofu yozungulira njira yake. Cha mfuti ya mpweya chimayenda mafiti 700 mpaka 1,000 pa sekondi, kuchepera pa liwiro la phokoso limene ndi mafiti pafupifupi 1,125 pa sekondi, choncho chimangoboola dzenje lofanana ndi kunenepa kwake kapena lokulirapo pang'ono. Nyama imafa chifukwa chotaya magazi ndi kuphwa kwa mapapo, monga imachitira ikalasidwa ndi muvi. Mlenje amene anazolowera uta amamvetsa mfuti imeneyi msanga kuposa amene anazolowera mfuti ya onga, chifukwa amadziwa kale kudikira kuti nyama iime cham'mbali, kuyang'ana kuseri kwa phewa, ndi kuilola kudutsa ngati yaima moipa.

Vuto lachiwiri la kuchepa kwa liwiro ndi kugwa kwa chipolopolo. Chikatuluka ndi liwiro la mafiti 850 pa sekondi, chimatenga nthawi yoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi kuti chifike pa mayadi 100, omwe ndi mamita 91, ndipo m'nthawi imeneyo chimakhala chikutsika. Ngati mwakonza sikopu, galasi lolozera la pamwamba pa mfuti, kuti izilasa pakati pa chandamale pa mayadi 50, pa mayadi 100 chipolopolo chidzagunda pansi ndi masentimita pafupifupi 30. Malo a mtima ndi mapapo a gwape ndi otambalala masentimita 20 mpaka 25 okha. Kulakwitsa mtunda ndi mayadi 15 n'kokwanira kuti muthyole mwendo wa nyama m'malo moilasa pamtima, ndipo nyama yoteroyo imakafera kutali patapita masiku, mlenje atabwerera chimanjamanja.

Choncho ganizirani malo amene mudzasakeko. Ngati ndi m'nkhalango yowirira kumene mlenje amakhala pa nsanja ya mumtengo n'kudikira gwape pa mayadi 30 kapena 40, simukufunika mfuti yaitali yamphamvu kwambiri. Ngati ndi m'mphepete mwa munda wa chimanga kapena wa soya kumene nyama zimatulukira patali, mufunika mphamvu ndi liwiro lokwanira kuti chipolopolo chifike chili ndi nyonga. Kwa ine, woyamba kumene asadutse mayadi 50, ndipo wozolowera amene ali ndi mfuti yamphamvu angafike 75. Alipo amene amapha pa mayadi 100, koma amenewo ndi anthu amene awombera chandamale kambirimbiri ndi mfuti imodzi yomweyo.

Chachinayi, sankhani caliber

Popeza mfuti imeneyi imapha poboola, kukula kwa dzenje ndi kuzama kwake ndiye nkhani yaikulu. Caliber ya .30 imaloledwa m'madera ena, ndipo chipolopolo chake chimayenda mowongoka bwino, koma chilonda chake n'chaching'ono ndipo magazi otsatira amakhala ochepa. Ya .357 ndi yabwino kwa agwape ang'onoang'ono a kumwera pa mtunda waufupi, imadya mpweya wochepa, ndipo imathandizanso pa nguluwe zazing'ono ndi nyama zina zowononga m'munda. Komabe mfuti zambiri za caliber imeneyi zili m'malire enieni a lamulo, moti chipolopolo chachiwiri kapena chachitatu chingakhale chatsika kale pansi pa muyezo.

Ndikanati ndilangize munthu wogula mfuti imodzi yokha, ndikanamuuza kuti atenge ya .45, yomwe ambiri amailemba .457. Imakwanira lamulo la .40 la ku Missouri ndi ku Arkansas, zipolopolo zake zimapezeka mosiyanasiyana kuyambira zopepuka mpaka za ma grain oposa 400, ndipo chipolopolo cholemera bwino chimaboola nthiti zonse ziwiri n'kutulukira mbali inayo. Kutulukirako n'kofunika kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa bowo lachiwiri ndi limene limagwetsa magazi pansi kuti mlenje atsatire. Ya .50 imaboola dzenje lalikulu koposa, koma imameza mpweya wambiri, imakankha phewa, ndipo chipolopolo chake chimagwa msanga.

Musanyengedwe ndi kukula kwa chibowo pakokha. Mfuti ya Seneca Dragon Claw, yopangidwa ku South Korea, ndi ya caliber ya .50, koma mphamvu yake ndi ma foot-pound pafupifupi 230, kuchepera theka la mfuti zina za .45. Caliber imakuuzani kunenepa kwa chipolopolo basi, pamene mphamvu imachokera ku valavu, kutalika kwa mpope ndi kuchuluka kwa mpweya umene ukukankha.

Chachisanu, konzani za mpweya mfuti isanafike pakhomo

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa amawerengera mtengo wa mfuti yokha n'kuiwala kuti popanda mpweya mfutiyo ndi ndodo chabe. Mfuti zonse zoyenera gwape ndi za mtundu wa PCP, kutanthauza kuti zili ndi thanki yake imene imadzazidwiratu mpweya wopanikizidwa kufika pa psi 3,000 mpaka 4,500, omwe ndi ma bar 207 mpaka 310. Kuti muone kukula kwake, tayala la galimoto yaing'ono limalandira psi 30 kapena 35 basi. Ngakhale zili choncho, mfuti yamphamvu imangopereka zipolopolo zitatu mpaka zisanu zamphamvu yokwanira thankiyo isanafooke.

Njira zodzazira zilipo zitatu. Pampu yamanja ndi yotsika mtengo, koma kudzaza thanki yaikulu nayo kumafuna kupopa kambirimbiri thukuta lili kamukamu, ndipo munthu amene wapopa choncho kuti awombere katatu sakhala ndi mtima wophunzira kuwombera. Njira yachiwiri ndi botolo lalikulu la carbon fiber lolandira psi 4,500, limene amadzaza m'masitolo a zida zosambirira pansi pa madzi kapena a masewera a paintball, ndipo muyenera kufunsiratu ngati sitolo ya kufupi ndi kwanu ili ndi makina ofika pa muyezo umenewo, chifukwa ambiri amalekezera pa psi 3,000. Kumbukiraninso kuti mfuti yofuna psi 4,500 siidzadzaza mokwanira kuchokera m'botolo la psi 4,500, popeza botololo limayamba kutsika mukangotsegula. Mabotolo ambiri a carbon fiber ku America amayenera kuyezedwa zaka 5 zilizonse ndipo amatha ntchito pakapita zaka 15, choncho mukamagula lakale werengani tsiku limene linapangidwa. Njira yachitatu ndi kompuresa yanuyanu, imene ndi yodula poyamba koma imakumasulani ku maulendo a kusitolo. Sankhani yokhala ndi sefa yochotsa chinyezi, pakuti madzi akalowa m'thanki amadya chitsulo mkati mosaoneka. Kuphatikiza zonse, zida za mpweya zingadye ndalama zofanana ndi mtengo wa mfuti yomwe.

Pali zinthu ziwiri zimene simuyenera kuziyesa ngakhale kamodzi. Musadzaze mfuti ndi oxygen, ndipo musapake mafuta a galimoto kapena ena ochokera ku petulo pa malo odzazira mpweya, chifukwa mafuta otere akakumana ndi mpweya wopanikizidwa kwambiri amayaka ndi kuphulika. Mafuta oyenera pa timphira totseka mpweya ndi a silicone okha. Musapitirirenso muyezo umene wopanga walemba poganiza kuti mphamvu ichuluka, chifukwa mpweya ukachuluka kwambiri valavu imalephera kutseguka bwino ndipo liwiro limatsika.

Nyengo nayonso ili ndi mbali yake. Agwape amasakidwa kwambiri mu November ndi December, nthawi imene kumpoto kwa America kumazizira koopsa, ndipo mpweya ukazizira mphamvu yake yokankha imatsika. Thanki imene mwadzaza kufika psi 3,000 m'nyumba yofunda madigiri 25 idzaonetsa pafupifupi psi 2,700 ikakhala panja pa madigiri 5 pansi pa ziro. Muziyang'ana geji mfuti itazolowera kuzizira kwa panja, ndipo ngati n'kotheka muwonjezere mpweya pomwepo.

Chachisanu ndi chimodzi, yerekezani mfuti zimene zatsala pa mndandanda wanu

Mukafika apa mudzapeza kuti mfuti zoyenera inu zatsala ziwiri kapena zitatu. AirForce Texan, imene inatuluka mu 2015 ndipo imapangidwa ku Texas komweko, ndi imene inatchukitsa ulenje wa mtundu umenewu. Ya .457 imafika ma foot-pound 500 ndi kupitirira, imalowa chipolopolo chimodzi pa nthawi, ndipo thanki yake ndi imene imagwiranso ntchito ngati chotsamiritsa paphewa. Mpope wake ndi wa mainchesi 34, moti mfuti yonse ndi yaitali pafupifupi masentimita 120, zomwe zimavuta potembenuka m'kachisakasa kobisaliramo, ndipo n'chifukwa chake anapanganso yaifupi imene mphamvu yake ndi yocheperako. Umarex Hammer ndi ya .50, ili ndi magazini ya zipolopolo ziwiri, imadzazidwa kufika psi 4,500, ndipo imafika ma foot-pound 700 ndi chipolopolo cha ma grain 550. Benjamin Bulldog ya .357 ndi yaifupi, ya mainchesi 36, ili ndi magazini ya zipolopolo zisanu, ndipo mphamvu yake ili chapafupi ndi ma foot-pound 200, choncho ndi imene imafuna kuti muchite masamu a lamulo mosamala. Hatsan Piledriver ya ku Turkey ndi yamphamvu kwambiri koma ndi yolemera, ndipo imayenera mlenje wokhala pansi osati woyenda tsiku lonse.

Funsani ngati mfutiyo ili ndi regulator, kachipangizo kamene kamapimira chipolopolo chilichonse mpweya wofanana. Hammer ili nayo, imene imatsitsa mpweya kufika psi 3,000 pa kuwombera kulikonse, kotero chipolopolo choyamba ndi chachiwiri zimagwera pamodzi. Mfuti zopanda regulator zimasintha liwiro pamene thanki ikutsika, ndipo chipolopolo chachitatu chingagunde pansi pa choyamba ndi masentimita angapo. Zimenezi si chifukwa chokanira mfuti, malinga mwiniwake akudziwa khalidwe lake.

Za magazini musadandaule nazo kwambiri. Gwape akamva kulira kwa mfuti sadikira, ndipo mwayi wowomberanso umabwera kawirikawiri pomaliza nyama imene yagwa kale. Kulirako ndi kwakukulu ndithu. Anthu amaganiza kuti mfuti ya mpweya ndi yachete, koma ya mpope waukulu yopanda chophimba chochepetsa phokoso imalira mokwanira kuwononga makutu, choncho valani zotchinga m'makutu pophunzira, ndipo ngati mukusaka pafupi ndi nyumba za anthu sankhani yokhala ndi chophimbacho, monga Texan LSS.

Ngati pali sitolo imene mungaigwire, igwireni. Itsamiritseni paphewa mutavala jekete lokhuthala limene mudzavale m'nyengo yozizira, muone ngati diso likufika pa sikopu popanda kupinda khosi. Yesani kukoka chokokera chake chotchera mfuti muli chikhalire, mumve ngati chikulira kwambiri, ndipo yesani kachitsulo kowombera ngati kakumasuka mofewa popanda kukwekwereza. Funsani za timphira tosinthira ndi kumene mfutiyo imakonzedwa, pakuti mfuti iliyonse ya PCP tsiku lina idzayamba kutaya mpweya.

Chachisanu ndi chiwiri, pezani chipolopolo chimene mpope wanu ukugwirizana nacho

Zipolopolo za mfuti zimenezi amazitcha slug, ndipo zimapangidwa ndi mtovu wofewa wopanda chikuto cha mkuwa. Zofewa ndi zimene zimafunika chifukwa mpweya ulibe mphamvu yokankhira chipolopolo cholimba m'mizere ya mkati mwa mpope, ndiponso mtovu wofewa umaphwatalala ukalowa m'nyama. Samalani ndi muyezo, chifukwa dzina lakuti .45 limabisa miyezo iwiri, .452 ndi .457, ndipo mfuti zina zotchedwa .50 zimafuna .510 pamene zina zimafuna chocheperapo. Chipolopolo chochepa chimalola mpweya kudutsa m'mbali ndipo chimasochera, pamene chonenepa kwambiri chimavuta kulowetsa ndipo chimachepetsa liwiro. Chozungulira ngati mpira n'chabwino pophunzira koma n'chopepuka kwa gwape.

Pali zokhala ndi dzenje kumutu, zimene zimatambasuka msanga, ndi za mutu wathyathyathya, zimene zimaboola mozama. Ngati mfuti yanu ili ndi mphamvu yochepa, monga ya .357, tengani ya mutu wathyathyathya, chifukwa chipolopolo chotambasuka msanga chingathere mphamvu pa phewa chisanafike ku mapapo. Ngati muli ndi ma foot-pound 400 kapena kuposa, chadzenje chimagwira bwino ntchito. Gulani mitundu itatu kapena inayi pang'onopang'ono, muyese yonse, ndipo mukapeza umene mpope wanu waukonda mugule wambiri nthawi imodzi. Muzisamba m'manja mukagwira mtovu, ndipo posenda nyama muchotse mnofu wonse wozungulira chilonda.

Chachisanu ndi chitatu, sikopu ndi choyezera mtunda

Sikopu yokulitsa kuyambira katatu mpaka kasanu ndi kanayi ndi yokwanira pa mitunda imene tatchulayi. Chofunika n'chakuti ikhale ndi timadontho kapena timizere pansi pa mtanda wake tothandiza kukweza mfuti pa mtunda wautali, ikhale yotheka kuikonza kuti ione bwino pafupi, ndiponso ilowetse kuwala kokwanira m'bandakucha ndi chakumadzulo, nthawi imene agwape amatuluka kukadya. Choyezera mtunda cha laser musachione ngati chokongoletsera. Mukangofika pa malo obisalira, yezani mitengo, miyala ndi zitsa zozungulira, muloweze kuti uwu uli pa mayadi 30 ndipo uwo uli pa 50, kuti nyama ikatulukira musayambe kugwedezeka.

Chomaliza, yesani mfutiyo nyengo yosaka isanafike

Bwerekani kapena gulani chronograph, kachipangizo koyeza liwiro la chipolopolo. Dzazani mfuti kufika pa muyezo wake, muwombere chimodzichimodzi, ndipo mulembe liwiro ndi zimene geji ikuonetsa pambuyo pa kuwombera kulikonse. Chitani masamu aja pa chipolopolo chilichonse kuti mudziwe ndi chachingati chimene chikutsika pansi pa muyezo wa lamulo. Mudzapezanso kuti mfuti zina zopanda regulator zimalondola bwino zikadzazidwa mocheperako pang'ono kuposa muyezo wapamwamba, ndipo nambala imeneyo ndi imene muzidzazira nthawi zonse. Kumbuyo kwa chandamale kukhale mulu wa dothi wokhuthala, chifukwa chipolopolo cha ma grain 350 chimadutsa thabwa mosavuta, ndipo chikagunda mwala chimanjanja n'kupita kwina.

Mukatha kukonza sikopu patebulo, chokanipo. Womberani muli mmene mudzakhalire posaka, kaya pampando mutatsamiritsa mfuti pa ndodo ziwiri zopingasa, kaya pa nsanja mukuyang'ana pansi. Pachikani mbale ya pepala yotambalala masentimita 15 pa mayadi 25, 40, 50, 60 ndi 75, ndipo chimene mukuwerengera ndi chipolopolo choyamba chokha, mfuti itangodzazidwa ndipo inu musanazolowere. Bwerezani zimenezi masiku osiyanasiyana, kuphatikizapo tsiku lamphepo, pakuti chipolopolo choyenda pang'onopang'ono chimakankhidwa ndi mphepo kwambiri. Mtunda umene chipolopolo choyamba chalowa m'mbale kasanu motsatizana ndiwo malire anu. Ngati pa mayadi 50 mfutiyo ikumwazabe zipolopolo mutayesa mitundu yonse ndi miyezo yosiyana ya mpweya, ibwezeni kwa wogulitsa nthawi ya chitsimikizo isanathe.

Lembani pa kapepala kugwa kwa chipolopolo pa mtunda uliwonse, mukamate ndi tepi pambali pa mfuti. Pa tsiku losaka nyamulani kabotolo kakang'ono ka mpweya ndi zipolopolo zosachepera zisanu m'kabokosi kofewa mkati, chifukwa mtovu wofewa umaphwanyika m'mphepete ukamagundana m'thumba. Mukawombera, yang'anitsitsani pamene gwape anaima ndi pamene walowera, lowetsani chipolopolo china, ndipo mukhale pomwepo mphindi zosachepera 30 musanayambe kutsatira magazi. Magazi ofiira mowala okhala ndi thovu akusonyeza kuti mwalasa mapapo ndipo nyamayo siili patali, pamene magazi akuda kapena osakanikirana ndi zam'mimba akutanthauza kuti mudikire maola angapo musanailondole.